A Yafeti ndi waya wa chitofu

A Yafeti Mwale anafika ku Shurugwi, komwe masiku amenewo kunkalembedwa kuti Selukwe, akuchokera ku Dedza. Anagwira za magetsi pamgodi zaka zoposa makumi awiri. Kunena molondola, papepala sanali amagetsi. Anali onyamula makwerero a mzungu. Koma waya ankamudziwa ndi zala. M'kachitini ka fodya ankasungamo tizidutswa ta waya wamtundu uliwonse, ndipo akakayika ankangokunkhuniza kachidutswa pakati pa zala.

Mu 1977 mwana wawo Gedion anasowa pamodzi ndi anzake a kusukulu. Ena ankati anawolokera ku Mozambiki kukalowa nkhondo yomenyera ufulu, ena ankati sanafike n'komwe kumalire. A Yafeti sanalire. Ankadzuka, kupita kuntchito, kubwerako, kudya chimene akazi awo a Alefa aika patsogolo pawo, osafunsa kuti n'chiyani.

Mwezi womwewo dona wa kwa manijala analandira chitofu chatsopano, cha mbale zinayi ndi uvuni. Mzungu wamagetsi anali ataitanidwa kunkhondo, choncho anatuma a Yafeti. Kusitolo ya mgodi, kalaliki Isake anawapatsa waya wa masoketi. Iwo anati chitofu chimakoka moto wambiri, chimafuna waya wonenepa. Isake anati wonenepayo watsala mpukutu umodzi, wosungira pansi pamgodi, poti kopa wopangira waya wavuta. Kalalikiyo anasenda nsonga ya waya woondayo n'kuwerenga timawaya ta m'kati. Tinalipo seveni, ngati m'waya wonenepa momwemo, kungoti iti tinali toonda.

"Fanafana, madala. Seveni ndi seveni. Kapena kwanu ku Nyasalandi mumawerenga mwina?"

A Yafeti atakadandaula kunyumba kwa manijala, dona naye anawerenga, n'kupeza seveni. Anati alendo akubwera Loweruka, ndipo ngati a Yafeti atopa ndi ntchito, ofuna nyumba m'komboni alipo ambiri. Kuchotsedwa ntchito kunali kutuluka m'nyumba yawo, nambala 46, ndipo Gedion, atati abwere, khomo lomwe ankalidziwa linali lomwelo basi. Komanso khitchini ikadzapsa, woyamba kuthamangitsidwa akanakhala iwo omwe.

Analumikiza waya woondayo, koma sanamukwirire m'khoma. Anayatsa mbale zonse ndi uvuni, n'kufumbata wayayo. Anangoima. A Dorika, amene ankaphika panyumbapo, anasiya kusenda mbatata. Patapita nthawi m'khitchini munayamba kununkha pulasitiki.

"Dona, tagwirani apa."

Dona anagwira n'kubweza dzanja nthawi yomweyo. Kenaka anayang'ana dzanja la a Yafeti, lomwe linali likadali pomwepo. A Dorika ndi amene anazimitsa swichi, n'kuyamba kuwamasula zala chimodzichimodzi.

"Achimwene, tayani. Aona kale."

Waya wonenepa anafika masana, Isake atamusenza yekha, osayang'ana munthu kumaso. A Yafeti anamaliza ntchitoyo ndi dzanja lokulunga nsanza. Kachidutswa ka waya wofewa uja anakaika m'chitini.

Kunyumba a Alefa anawapaka mafuta pamatuza, n'kufunsa ngati pakupweteka. Iwo anayang'ana chikhatho kwa nthawi, n'kunena kuti sakudziwa.

M'nyumbamo anakhalamo zaka zina khumi ndi ziwiri. Za Gedion sipanamveke kanthu, ngakhale nkhondo itatha. Chaka chilichonse, mvula ikasiya, a Yafeti ankapempha penti pang'ono kumgodi n'kubwerezera nambala ya pachitseko.