Namapopa wa Chipinda Chachitatu

Anzake kuchipatala amamutcha Namapopa, chifukwa ntchito yake ndi kutenga magazi a odwala. Sakwiya nazo, sasekanso. Mwamuna wake atamwalira, mwana wake wamkazi anamupatsa buku la mtsikana wokondana ndi mnyamata woyamwa magazi. Analiwerenga pa nthawi yopuma, magolovesi ali m'thumba.

Kunyumba mwanayo anafunsa, "Mwaliona bwanji, amayi?"

"Ukaliyamba sufuna kulisiya, sindikana. Koma wolembayo sanafufuzepo mtsempha pamkono wa wodwala. Magazi sanunkhira, iwe, amamveka fungo la dzimbiri. Ndipo mtsikanayo ntchito yake ndi kudikira pawindo basi."

"Nanga munalimaliziranji?"

Anapinda yunifolomu yake, n'kuiika pampando umene mwamuna wake ankakhalapo.

"Mwamuna wa m'menemo safa," anatero.