Bambo Anagogoda Denga la Mgodi

Bambo anabwera ku Ilford, kuno kunja, kudzakhala nane milungu itatu, koma mpaka mlungu wachitatu zoyankhula zathu zinali moni basi. Chifukwa chake ndinkaganiza kuti ndikuchidziwa. Maliro a amayi sindinapiteko, mapepala anga anali asanalongosoke, ndipo kumudzi anayamba kunditchula mtchona. Dzinali linali la bambo anga aang'ono, amene anapita ndi bambo ku Joni kukakumba golide osabwerako. Tinakula tikumva kuti anakwatira konko n'kutiiwala.

Ndege yawo inali ya Lolemba. Ndinkaopa kuti akakwera ali chete chomwecho, ine ndi iwo sitidzayankhulananso. Ndiye ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, kuti Loweruka ndiwatengere ku kamudzi kena ku Wales komwe ankakumba golide kalekale. Nzeru zanga zinali zakuti munthu wakumigodi akaona mgodi, pakamwa patseguka. Nditawauza, anangoti zikomo. Ine ndinasangalala, ngati sindidziwa kuti kwathu mlendo sakana zimene mwininyumba wakonza.

Tinayenda maola asanu, mvula ikuwaza, iwo maso ali pawindo. Kamudziko n'kamsewu umodzi, nyumba zamiyala, nkhosa mbali zonse, ndi kasitolo kogulitsa timabotolo ta madzi okhala ndi tizidutswa tonyezimira. Pakhomo la mgodi mayi wotitsogolera anagawa zipewa zolimba zokhala ndi nyali. Bambo anavala chawo asanawaonetse kavalidwe, kenako anakoka lamba wa chipewa changa mpaka chibwano chinawawa.

Tinalowa mondondozana, bambo patsogolo panga. Mkati munali mdima, madzi akudontha, ndipo njira inkapanikiza. Titayenda pang'ono anaima. Anakweza ndodo yawo n'kugogoda denga, kenako anatchera khutu. Anasuntha phazi limodzi, anagogodanso. Azungu amene anali kumbuyo kwathu anayamba kutsokomola. Mayi uja anabwerera n'kupempha mwaulemu kuti asamenye miyala, popeza dengalo amaliyendera kawirikawiri ndipo n'lolimba. Bambo sanamuyang'ane n'komwe, anagogodanso kachitatu.

Mtima wanga suchedwa kupsa. Ndinali nditataya shifiti, ndayendetsa galimoto mpaka msana kuuma, ndiye munthu n'kumandichititsa manyazi pagulu? Ndinawauza kuti akutichedwetsa, ndi mawu amene mwana sayankhula kwa bambo ake, ndipo ndinafuna kuwadutsa. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti chizindikiro chinakhalapo mpaka Lachitatu.

"Iwe sudutsa apa," anatero. "Mwala uwu ukulira ngati ng'oma. Wa mng'ono wanga unalira chonchi."

Ndinapepesa kwa mayi uja, anthu anapanikizana kukhoma kutipatsa njira, ndipo tinabwerera. Bambo anandiika patsogolo, atagwira jekete yanga kumbuyo mpaka tinaona kuwala.

M'galimoto anafotokoza, maso ali pandodo. Tsiku limenelo ku Joni ndi iwo amene anagogoda denga. Anamva kuti mwala walekana ndi unzake, koma kapitawo ankakalipa kuti ntchito ikuchedwa, ndiye anangokhala chete, mng'ono wawo n'kudutsa, mwala n'kumugwera. Anamuika m'manda konko. Atafika kumudzi analephera kuwauza amayi awo, ndipo anapeka zoti wakwatira.

Ndinalira, chisoni ndi mkwiyo pamodzi. Ndinawafunsa kuti nanga ine ndinalakwanji kuti andikhalire chete milungu yonseyi.

"Sunalakwe," anayankha. "M'banja mwathu mulibe mtchona, dzinalo ndinalibweretsa ndine. Pamaliro a mayi ako anthu atakutchula choncho, ndinafuna kukuikira kumbuyo, koma ndikanayambira pati?"