Galimoto Yosamveka Ikamabwera

Ndivomere, ndinainamizira galimoto yamagetsi.

Bwana wathu pakampani yogula mpunga atatifunsa ngati agule yamagetsi kapena yamphamvu ya dizilo, ndinawakayikira pomwepo. Mayi amenewa akuifuniranji galimoto yoyenda mwakachetechete? Yakale ija tinkaimva ikadali kutali, ife a kudepoti ya ku Vinthukutu n'kubisa bawo msanga.

"Bwana, yamagetsi singakwere zitunda za ku Kayelekera," ndinatero. "Ndinaona ina ikubwerera chafutambuyo."

Chibadwire sindinaionepo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anagula yamphamvuyo, yobangula bwino.

Patatha sabata ziwiri, dzanja langa lili pabawo, ndinamva mawu a bwana kumbuyo kwanga.

"Pitirizani, a Kayange. Galimoto yanu ija ikumwa mafuta kwambiri, ndiye ndangokwera minibasi."