Phazi Losamva la a Luka Telala

A Luka Namakhwa mukawafuna musafunse munthu. Mukatsika minibasi pa depoti ya Zomba, muziyenda cha kumsika uku mukutchera khutu. Mukamva makina osokera akulira ngati akutsatira nyimbo, tchaka-tchaka-tchaka, tchaka-tcha, ndi omwewo. Matelala ena onse apakhonde paja amangopalasa. A Luka amapalasa ndi biti.

Ndi bambo wamfupi, dazi lowala bwino, tepi yoyezera pakhosi ngakhale kumaliro. Makolo awo anachokera ku Mozambiki koma iwo anabadwira ku Jali. Gitala yoyamba anapanga okha ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki ya njinga. Bambo awo anaiponya m'chimbudzi, ati zoimbaimba n'za anthu a kachasu. A Luka anapanga ina. Imeneyonso inatsatira inzake. Yachitatu ankaibisa padenga la khola la nkhumba, ndiye mpaka lero amati nyimbo zawo zoyamba anamvera ndi nkhumba ndipo sizinadandaule. Kusoka anaphunzira kwa amalume awo, gitala yamagetsi anaigwira koyamba kutchalitchi, basi moyo wawo unangokhala zinthu ziwirizi, singano ndi nsambo.

Ine ndine Luso, ndimamenya ng'oma mu bandi yomwe iwo amaimba gitala yotsogolera. Mwini bandi ndi a Jacqueline, mayi wa saluni ku Matawale, mawu ngati mngelo akamaimba, ngati wapolisi wapamsewu akamayankhula. Timaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Phindu lake musafunse. Chimene a Luka amadya m'bandimu ndi cha Lolemba m'mawa, anthu akamadutsa pakhonde n'kumati, "A Luka, dzana munatipha!" Iwo amangoweramira pa makina ngati sanamve, koma dazi lonse likumwetulira.

Ndiye tsiku lina a Jacqueline anabwera ndi nkhani. Loji ina kumtunda kuphiri, kuja kumapita azungu ndi mabwana a ku Blantyre kukadya masitiroberi ndi kukazizidwa mwadala, inkafuna bandi yoimba Lamulungu lililonse masana. Manijala wake anamvera nyimbo zathu pafoni.

"Bambo Namakhwa," a Jacqueline akati bambo Namakhwa dziwani kuti kukubwera mvula, "ine sindikunyozani ayi. Koma manijala uja wati gitala yanu ndi youma. Akufuna mawu onyowa. Lamulungu akutiyesa. Mukapanda kupeza kabokosi kaja ka maefekiti, nditenga Suzgo."

"Youma?" anatero a Luka. "Ndikaiviike mumtsinje wa Mulunguzi?"

Palibe anaseka, kupatula ine.

Suzgo ndi mnyamata wa kuyunivesite ku Chirunga, wakumpoto, wamtali ngati mlongoti, waulemu mpaka kutopetsa. Kabokosiko iye ali nako. Kwa amene simukadziwa, kamakhala pansi. Waya wa gitala amalowa uku, wina amatuluka uko kupita ku sipika. M'kati mwake muli mawu ambirimbiri. Ukaponda batani gitala imalira ngati ili m'phanga, ukapondanso imalira ngati njuchi, choncho.

M'mawa mwake tinapita kwa Che Umar, ogulitsa masipika, matchaja ndi zamagetsi zochokera ku Joni. Mikanjo yawo yonse amawasokera ndi a Luka, ndiye anatilandira ngati abale.

"Che Luka! Walahi mwafika tsiku labwino. Ndili nato tiwiri. Tiwiri tokha mu Zomba muno, kaya mupite kuti."

Anatulutsa koyamba. Kofiira, katsopano, kopepuka, mabatani awiri opondera ndi kagalasi koonetsa manambala. Kachiwiri kanali kakuda, kolemera, kokalikakalika, kakaunjika ndithu, ndipo pambali pake panali chopondera chachitali chopendekeka, choti ukaponda ndi zala chimatsika, ukaponda ndi chidendene chimabwerera.

A Luka sagula chinthu ngati anthu ena. Anatenga kofiira kaja n'kukafikisa ndi zala ngati nsalu. Anakatembenuza, kuyang'ana m'mphepete ngati akufuna msoko. Anatuluka nako panja kukakaona padzuwa. Anakanunkhiza.

"Sikasuluka aka?"

"Che Luka, si chitenje chimenecho."

"Nanga magetsi akathima?"

"Kamadyanso mabatire. Ndipo mawu ali m'menemo, mukhoza kuponda kuyambira pano mpaka pa Songani osawamaliza. Kakudaka mawu ake ndi ochepa, koma n'kolimba. Mwini wake woyamba anali mzungu wonenepa."

A Luka anaika kakuda pansi, anavula nsapato, anaika phazi pa chopondera chija. Zala, chidendene. Zala, chidendene. Mwadzidzidzi anachotsa phazi ngati aponda moto.

"Ayi. Awa ndi makina osokera awa."

"Makina bwanji?"

"Sabata yonse ndikupalasa pakhonde. Lamulungu ndikapalasenso kuphiri pamaso pa azungu? Anthu adzati taonani telala wabwera ndi ntchito yake. Ayi, Che Umar. Ine kumeneko ndikupita ngati woimba."

Basi anasankha kofiira. Kuyesa anayesa, koma kuyesa kwake! Mushopu munadzaza anthu, ndiye a Luka anaima njo ngati msilikali wa ku baraki ya Cobbe, n'kuimba nyimbo yapamaliro, pang'onopang'ono, phazi lili duu. Anaponda kamodzi mwaulemu. Gitala inanyowadi, mawu akuyandama ngati nkhungu ya kuphiri. Mayi wina wogula tochi anatsala pang'ono kulira.

"Tengani mukayese," anatero Che Umar. "Mukapanda kukondwa mudzasinthe. Bola Lachisanu musanamve azana kumzikiti, chifukwa ndikatseka kupita ku mapemphero a Juma ndikupitirira ku Liwonde, kubwera Lolemba."

Lachitatu masana tinakumana kuseri kwa saluni kuyeserera. Nyimbo yoyamba inali yozizira. Eee, zinali bwino. A Jacqueline anatsinzina, akugwedeza mutu, mpaka anati, "Mwaona, a Luka?" Dzina labwerera, mvula yapita.

Kenako tinalowa manganje.

Apa ndikuuzeni chinthu chimene tonse tinkachidziwa koma palibe anachiganizira. A Luka nyimbo ikatentha amatsinzina, nsapato imavuka yokha, ndipo phazi lakumanja limayamba kusoka. Limapalasa pansi ngati pali makina. Zaka zonsezi linkapalasa simenti, simenti sinkayankha. Tsopano pansi panali kabokosi.

Phazi linapeza batani.

Aise! Biti iliyonse, mawu ena. Gitala inayamba m'phanga, wuuu-wuuu. Biti yotsatira njuchi, zzzzz. Kenako chule, ng'orooo. Kenako ndege ikunyamuka, fyuuuu. Kenako loboti ya m'filimu, kenako chinachake ngati mbuzi ili m'thanki, meee-eee-eee. Manambala pakagalasi akuthamanga ngati mita ya pa filing'i siteshoni. A Luka maso ali chitsinzinire, thukuta padazi, akumva kukoma. Azimayi a m'saluni anatuluka tsitsi lolukidwa mbali imodzi. Galu wapanyumba yoyandikana anayamba kuyankha. Kumapeto phazi linaponda mabatani onse awiri, gitala n'kungoti zii.

A Luka anatsegula maso. "Luso, sipika yapsa?"

Ine ndinali pansi ndi phwete, timitengo ta ng'oma tili uko.

Tinayesa nzeru zonse. Tinakankhira kabokosi kutali. Ikafika nthawi yosintha mawu phazi linkapita kukaponda kamodzi, koma likafika silinkabwerako. Tinakaika patebulo kuti azidina ndi dzanja, koma manja onse ali pagitala, ndiye azidina ndi mphuno? Mapeto ake a Luka anakhala pampando, anavula tepi pakhosi, n'kumanga okha mwendo wawo ku mwendo wa mpando.

"Tiyeni. Phazili lione."

Tinayamba. Mawu anali abwino, onyowa, osasintha. Koma woimba sanali a Luka. Ankalowa mochedwa, kutuluka msanga, kuphonya pamene mwana wa Sande sukulu sangaphonye. Kani biti ya bambowa imakhala kuphazi. Ukamanga phazi wamanga zonse.

A Jacqueline sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zoopsa. Anangotulutsa foni pomwepo. "Halo, Suzgo? Lamulungu uli ndi chochita?"

Lachinayi ndinadutsa pakhonde. Makina ankalira ngati a telala wina aliyense. A Luka ankasoka yunifomu ya mwana wasukulu, kabokosi kofiira kali m'jumbo pansi pa benchi. Ndinayesa kuwaseketsa poyankhula ngati a Jacqueline, sizinagwire.

Tili pomwepo anatulukira Suzgo, buluku m'manja.

"Adada, mwaswera uli? Ndimati munditsitsireko buluku ili, likuthera m'mawondo."

"Vuto si buluku," anatero a Luka osamuyang'ana. "Vuto ndi miyendo. Siya pamenepo."

Suzgo sanachoke. Anakhala pabenchi, maso ali pansi pa makina, pamene phazi lopanda nsapato linkapalasa.

"Adada, kwa Che Umar kuja kuli kabokosi kakuda. Munakayesa?"

"Makina osokera aja?"

"Chopondera chija chimatheka kuchitchera kuti gitala iziti wawu-wawu, kutsatira phazi. Kabokosi kanganso kali nacho. Ine ndayesa mpaka ndinasiya, phazi langa likayamba manja amaima. Koma lanuli silifuna kuuzidwa."

A Luka anaimitsa makina. "Iwe, malo anga ukuwafuna kapena sukuwafuna?"

"Ndikuwafuna ndithu, adada."

"Nanga ukundiuziranji?"

"Ndikufunanso ndimve mmene zingamvekere."

A Luka anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pa Suzgo umenewo ndi ulendo. Kenako anatenga buluku lija n'kuyamba kusomola mpendero.

Lachisanu dzuwa lili pamutu anandiimbira. "Luso, tiye." Tinathamanga kudutsa mumsika, a Luka jumbo m'khwapa, kulumpha milu ya tomato, amayi a usipa akutitukwana. Tinapeza Che Umar atavala mkanjo woyera, loko ali m'manja.

"Che Luka, mpaka azana ayambe? Ndinadziwa ine. Walahi tsiku lomwe lija ndinaona phazi lanu likukakonda kakudaka, inu ndi amene munkachita manyazi."

"Munaona bwanji osanena?"

"Kasitomala akafuna chofiira umamupatsa chofiira."

Tinasiya kofiira, tinatenga kakuda, ndipo Suzgo anakatchera madzulo omwewo. A Luka anayesa atatseka chitseko, ife tili panja. Tinangomva gitala ikuyankhula, wawu, waka-waka-wawu, ndendende ndi biti. A Jacqueline anamvera, milomo ili yolumidwa. "Lamulungu mubwere nonse awiri. Ndikaonera komweko."

Lamulungu tinakwera phiri pa kalole ka mlamu wawo wa a Jacqueline, kakubuula m'makona monse. Kumtunda kunali kozizira, nkhungu ikulowa ndi kutuluka m'mitengo ya paini. Tikumanga zida pakapinga, a Luka anatulutsa chinthu m'chikwama. Anali atasoka katani. Kakatani kakang'ono ka zidutswa za nsalu, kampendero wabwino, ka timitengo tiwiri, kofika m'mawondo. Anakaimika kutsogolo kwa kabokosi.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Jacqueline.

"Anthu amve gitala. Za phazi sizikuwakhudza."

Nyimbo ziwiri zoyamba anatsogolera Suzgo, ndipo anaimba bwino, tisanamizane. Alendo ankadya, ena kuwomba m'manja ndi zala ziwiri. Kenako a Jacqueline anatembenuka. "A Luka. Manganje."

Ndinawerengera, tinalowa. Kuseri kwa katani nsapato inavuka. Waka-waka-wawu, waka-wawu! Gitala ikufunsa yokha n'kudziyankha yokha. Mawetala anayamba kuyenda movina, mathireyi ali m'manja. Bwana wina wa ku Blantyre, mimba ili kutsogolo, anasiya nkhuku n'kuimirira. Mzungu wina wamkazi ankavina nyimbo ina yake yosiyana ndi yathu, koma ankavina. Suzgo anangolowa pambuyo n'kumagwira biti, mano onse ali panja.

Manijala, mnyamata wa tayi yopyapyala, anabwera pafupi, manja kumbuyo. Anayang'ana gitala. Anayang'ana sipika. Kenako anawerama n'kukweza katani kaja ndi chala chimodzi ngati akusuzumira mumphika wa eni. Anapeza phazi la telala lili pantchito, zala chidendene, zala chidendene, mwini wake ali chitsinzinire. Anaitana alendo ndi dzanja. Mafoni anatuluka, onse kuloza pansi.

A Luka atatsegula maso nyimbo itatha, anapeza anthu ataunjikana mozungulira mwendo wawo. Dazi linachita thukuta lina latsopano.

Manijala anakokera a Jacqueline pambali. Atabwerako nkhope yawo sinkawerengeka.

"Tiyamba Lamulungu likubwerali," anatero. "A Luka kutsogolo. Suzgo, iwe uzigwira pambuyo, ngati ukufuna."

"Ndikufuna, amama."

"Koma wati katani kachoke. Alendo akufuna aziona."

A Luka anayang'ana katani kawo, anayang'ana phazi, lomwe linali litayamba kutuwa ndi kuzizira.

"Wati aziona telala?"

"Wati aziona woimba gitala. Za utelala sakuzidziwa n'komwe."

A Luka anazula timitengo tija, anapinda katani bwinobwino m'makona anayi.

"Chabwino. Koma mumuuze kuti ndizivala sokosi. Kuno n'kozizira."