Timadontho Tiwiri ndi Ngolo ya ku Mgodi

Mu Ogasiti 2014, mu holo ina ku Hillbrow, ku Joni, oyimba oposa zana amene ankayeserera anaima pakati pa nyimbo n'kuyamba kuseka. Ena anali atabwerera koyambirira, ena atamaliza kale, ena akungotembenuza pepala. Wolemba pepalalo, Rute Makwinja, anali chilili kumbuyo, manyazi atamugwira moti sankadziwa koyang'ana.

Ngati munalakwitsapo chinthu pamaso pa gulu, khalani pansi, nkhaniyi ndi yanu.

Rute anabwera ku Joni mu 2011 atalephera Fomu 4 kawiri kwawo ku Phalombe. Anapeza ntchito yosesa ndi kulongedza mapepala m'shopu yosindikiza ku Fordsburg. Chimene anabwera nacho cha phindu chinali chimodzi chokha: ankatha kulemba nyimbo m'solofa, do re mi uja wa kukwaya. Lamlungu lililonse ankayimba m'kakwaya ka Amalawi.

M'kakwayako munali abambo Hendrick, a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, obadwira ku Joni konko. Bambo awo anali Mmalawi wa m'migodi amene sanabwererenso kumudzi. Chichewa cha a Hendrick chinali chothyokathyoka, koma anali ndi nyimbo imodzi ya bambo awo imene ankaiyimba bwinobwino. Mtima wake unali mzere umodzi wobwerezabwereza: "Amayi, musatseke chitseko." Nyimboyi sinalembedwepo paliponse, ndipo mawu a mdalayo anali atayamba kutha.

Chaka chimenecho panakonzedwa chikondwerero cha makwaya a mitundu yosiyanasiyana. Kwaya iliyonse inayenera kupereka nyimbo imodzi yoti onse ayimbire limodzi, yolembedwa m'manotsi a nyimbo pa kompyuta. Amalawi anasankha nyimbo ya a Hendrick, kenako onse anatembenukira kwa Rute. Mukudziwa mmene timachitira: ukangodziwa pang'ono, basi ndiwe katswiri.

Mwini shopu anamulola kugwiritsa ntchito kompyuta yakale pa nthawi ya nkhomaliro. Rute anaikamo pulogalamu yaulere yolembera nyimbo, n'kuyamba kusandutsa solofa wake kukhala manotsi, limodzilimodzi. Paliponse pamene kwaya inkabwereza, iye ankalembanso zonse. Nyimbo inatuluka masamba khumi ndi anayi.

Wotsogolera makwaya onse, mayi Nomathemba, anangoyeza kulemera kwake m'manja. "Hayi sisi, ili ndi buku. Masamba awiri basi. Ikani zizindikiro zobwereza."

Rute anafufuza n'kuchipeza chizindikirocho: mizere iwiri yoimirira, ndi timadontho tiwiri pambali. Anachiika kumapeto kwa mzere wobwerezawo, n'kufufuta zotsalazo. Masamba anakhaladi awiri. Chimene sanadziwe n'chakuti chizindikirochi chili ndi chinzake choika poyambira gawolo, ndipo chikasowa, woyimba amabwerera kumutu kwenikweni kwa nyimbo. Sanalembenso kuti abwereze kangati. Chisokonezo cha mu holo chija chinachokera pamenepo.

Kuseka kutatha, mayi Nomathemba anamuitana pambali. "Ndikupatsani masiku khumi. Ikapanda kukonzeka, nyimboyi ndiichotsa pa ndandanda."

A Hendrick anamva. Anangopinda pepala lawo kanayi n'kuliika m'thumba la jekete. Zimenezo zinamupweteka Rute kuposa kuseka kuja.

Lolemba anakhalanso pa kompyuta, buledi ali m'dzanja limodzi. Ulendo uno sanakhulupirire maso ake okha. Ankati akasintha kanthu, ankadina kuti pulogalamu iyimbe, iye n'kumamvetsera komwe ikupita. Lachiwiri anapeza chizindikiro chotsegulira chija. Lachinayi anaphunzira za timadenga tiwiri timene amaika pamwamba pa mathero: koyamba kotsatira ukamabwerera, kachiwiri kotsatira ukamatuluka. Anasokoneza kangapo, pulogalamu n'kumadumpha mzere wonse, koma pofika Lachisanu nyimbo inkayenda.

Panatsala funso limodzi. Pulogalamu inkafuna nambala: kubwereza kangati? Rute anakumbukira kuti kukwaya kwawo tsiku lina ankabwereza katatu, lina kasanu ndi kawiri, ndipo palibe amene ankawerenga.

Loweruka anakwera takisi mpaka ku Diepsloot. Anapeza a Hendrick atakhala pakhomo akusoka nsapato.

"Abambo, mzere ujatu, timabwereza kangati kwenikweni?"

Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola. "Kangati? Eish, mntanami, mwana wanga, kafunse ngolo."

"Ngolo iti?"

"Ya ku mgodi. Obaba ankayimba akukankha ngolo ya miyala. Ngolo ikapepuka, nyimbo ifupika. Ikalemera, muyimba mpaka ifike. Ikafika, wotsogolera akweza mawu pa 'amayi', onse atseka. Nambala ayikho."

Apa m'pamene Rute anazindikira. Sabata yonse ankasaka nambala imene kunalibe. Anaganiza zongolemba kanayi kuti zithe, poti palibe akanamutsutsa. Koma anaona kuti akatero alemba nyimbo ina, osati ya bambo a mdalayu.

Lolemba anaipatsa kompyuta nambala yake kuti isavute, koma papepala anaibisa. Pa kadenga koyamba analemba kuti "pobwereza", pa kachiwiri "potsiriza". Pamwamba pa timadontho tija anaika mzere umodzi m'Chichewa, m'Chizulu ndi m'Chingerezi: "Bwerezani mpaka wotsogolera akweze mawu."

Mayi Nomathemba anawerenga kawiri. "Ndiye ine ndizingoima ngati mtengo, kudikira munthu wina?"

"Pagawo lokhali, mayi. Maso kwa inu, makutu kwa abambo Hendrick."

Rute atawafotokozera za ulendo wake ndi za ngolo ija, mayiwo anafunsa: "Mwayenda mpaka ku Diepsloot chifukwa cha timadontho tiwiri?"

"Eya."

"Kulungile. Tiyesa."

Tsiku la chikondwerero, mu Seputembala, a Hendrick anaima kutsogolo atavala jekete lija. Poyeserera ankabwereza katatu kokha chifukwa cha chifuwa, choncho aliyense ankayembekeza katatu. Kachitatu kanadutsa, mdala osakweza. Kachisanu kanadutsa. Rute ankaopa kuti mdalayo waiwala, ndipo kuseka kuja kubweranso. Koma palibe anasochera. Azulu, Asutu, Azimbabwe, onse ankafika pa timadontho n'kubwerera pamalo amodzi, dzanja la mayi Nomathemba likungosunga kayendedwe.

Pa ulendo wachisanu ndi chinayi, mawu okalamba aja anakwera pa "amayi". Anthu oposa zana analowa pansi pa kadenga kachiwiri n'kutseka nthawi imodzi.

Potsika, Rute anawagwira mkono. "Abambo, mwatiopsatu. Kasanu ndi kanayi?"

A Hendrick anapukuta m'maso. "Lero ngolo inali yolemera, mntanami. Koma yafika."

Mdalayo anamwalira mu 2016. Nyimbo yawo ikuyimbidwabe, ndipo makwaya amene sanawaonepo amaitenga pa masamba awiri aja. Pofika 2019 Rute anali atasiya tsache. M'shopu momwemo anapatsidwa tebulo lake, ndipo atsogoleri a makwaya ankabwera ndi nyimbo zawo m'mafoni kuti aziwalembera. Aliyense amayamba wamufunsa funso lomwelo: "Apa mumabwereza kangati, ndipo amakuuzani kuti siyani ndani?"

Ine ndimamunyadira Rute ameneyu, ndipo sindibisa. Analephera mayeso kawiri, anasekedwa ndi holo yonse, n'kubwereranso pa kompyuta yomweyo Lolemba.

Inu amene mwayesa katatu n'kumati zakwana, ndani anakuuzani kuti nambala yake ndi itatu? Ngati ngolo yanu sinafike, bwererani pomwe munayambira n'kukankhanso. Musataye mtima, ndipo musatseke nyimbo ngolo ili panjira.