Amayi a Pakhoma la Holo

Dzulo fungo la penti linandibwezera ku Chipinge, kunyumba za khonsolo zija za njerwa zofiira, zakalekale koma zosadontha. Pakhoma la holo yathu panali chithunzi chachikulu cha mayi wothyola tiyi, dengu lili kumsana. Chaka chomwe mashopu anauma, amayi anapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti chithunzicho ndi iwowo. Ndikaweruka kusukulu ndinkawauza zonse.

Tsiku lina ndinapeza bambo wa kukhonsolo ali pamakwerero patsogolo pa chithunzicho, burashi ya penti ili m'manja.

"Musawafufute amayi anga!" ndinakuwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Usalire, mwanangu," anatero. "Maso awo afwifwa, ndikuwakonza kuti azikuona bwino."

Mpaka lero ndimagoma naye munthuyo: tauni yonse ikusowa buledi, iye anakumbukira maso a wothyola tiyi.