Mazira ong'aluka a Anamazira

Pamsika aliyense ankawadziwa kuti Anamazira. Tebulo lawo linali pakona, pafupi ndi ogulitsa mafuta ophikira, ndipo dzanja lawo limodzi linkatola mazira atatu osagwetsa. Lamulo la ntchito yawo analiphunzira akadali mtsikana: dzira labwino ndi la kasitomala, long'aluka ndilo lopita kunyumba. Lamulo limeneli ndilo linawagulira tebulo lawolawo.

Atakula ndithu anakwatiwa ndi woyendetsa lole, bambo wa ana awiri amene mayi awo anamwalira. Wamkulu, mtsikana wa maso akuthwa, ankangomutchula kuti Chisamba. Wamng'ono anali Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Onse ankaitana Anamazira kuti anti.

Tsiku la chikondwerero linafika bambo awo ali kutali ndi katundu. M'mawa womwewo amalume a anawo ankabwera kudzawatenga, osati kukacheza, koma kukakhala. Pafoni bamboyo anangoti, "Sindingawakanize. Ana asankhe okha." Anamazira ankadziwa kuti Wailesi amaponda pomwe waponda mlongo wake. Mlanduwo unali m'manja mwa Chisamba.

Kunacha kuli mitambo yakuda, yopanda mphepo. Kuseri kwa chitseko kunali chikwama cha Chisamba, chotupa, zipi itatsekedwa theka. Anamazira anachiona, nayang'ana kumbali.

"Anti, lero n'tsiku la dzuwa!" anatero Wailesi. "Amayi ankaboola buledi ndi kapu, n'kuthira dzira pakati. Likapsa limaoneka ngati dzuwa. Mumatha inu?"

"Iwe, ukufunsa Anamazira za dzira? Tenga kapu."

Wailesi anaboola buledi, timabwalo totsala n'kumaponya m'kamwa. Chisamba anapaka majarini. Anamazira anaika chiwaya pasitovu, natulutsa mbale ya mazira a m'nyumba. Loyamba linakhala bwino pakati pa buledi, chachikasu chake chili ngwee. Wailesi analiika maso awiri a tomato, nati dzuwali lafanana ndi ahedi a kusukulu.

Palibe anaseka. Kunja galimoto inadutsa pang'onopang'ono, ndipo Anamazira anaima mpeni uli m'manja mpaka phokoso lake litazilala.

Lachiwiri analitola osayang'ana. Pamsika akanaligwedeza kaye pakhutu, koma makutu awo anali kumsewu. Atangoligogoda linaphulika. Madzi obiriwira anayenderera pabuledi, fungo n'kudzaza khitchini yonse.

"Mayo ine, dzuwa lafa!" Wailesi anathawira pazenera atatsina mphuno.

Chisamba sanasunthe. Anakoka mbale ija n'kuyamba kutembenuza mazira limodzilimodzi. Lililonse linali ndi mng'alu wake.

"Anti," anatero chapansipansi, "kodi ife ndife a mazira osweka?"

"Osweka amadyeka, mwanangu. Kusiyana kwake n'chikamba chokha."

"Chibwerereni m'nyumba muno sindinaonepo lathunthu. Abwino mumasungira anthu a kunja."

Anamazira anayang'ana mazira a m'mbalemo. Iwo eni anakula akudya ong'aluka, ndipo sanaganizepo kuti mwana angawerenge mng'alu ngati uthenga. Ankayesa kuti akusamala banja.

Pakona ya chipinda chochezera panali mathireyi omangidwa ndi chingwe, oda ya mayi wophika makeke, kasitomala wawo wamkulu. Mayiyo ankawafuna mawa m'mamawa, osapungula ngakhale limodzi, ndipo pachikondwerero famu yomwe ankagulako mazira inali yotseka. Wogulitsa mazira wina pamsika ankamunyengerera kale.

Mvula inayamba kudontha padenga. Galimoto ina inaima pageti, injini n'kuzima.

Anamazira anapita pakona paja ndi mpeni wa buledi. Anamva ngati akuba katundu wa eni. Anadula chingwe, nanyamula thireyi yapamwamba, naiika patsogolo pa Chisamba.

"Sankha."

"Nanga amakeke aja?"

"Amakeke ndikalimbana nawo ndine. Iwe sankha, chiwaya chikupsa."

Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola dzira lalikulu lofiirira, naligwedeza pakhutu monga ankawaonera akuchita pamsika. Anatsuka chiwaya yekha, naika buledi wina, naswa dziralo pakati.

Chitseko chinagogodedwa katatu.

"Odi kuno!"

Wailesi anathamanga kukatsegula. Amalume analowa akukutumula ambulera, nakwinya mphuno.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Koma muno mwafa chiyani?"

"Dzuwa, amalume," anatero Wailesi. "Koma tikupanga lina."

Amalume anayang'ana Anamazira, nayang'ana buledi wotayidwa uja, kenako maso awo anagwera pachikwama.

"Eya, ndaona mwalongedza kale. Chisamba, nyamula tizipita mvula isanakule."

Anamazira anagwira m'mphepete mwa tebulo. M'chiwaya majarini ankalira. Chisamba sanacheuke msanga. Anayamba watembenuza buledi, naonetsetsa kuti chachikasu sichinasweke.

"M'menemo muli zovala zakuda, amalume," anatero. "Tichapa mawa ndi anti. Khalani pansi, lanu likhale lolimba kapena lamadzi?"

Amalume anaima kanthawi makiyi ali m'manja, kenako anakoka mpando.

Anamazira anayang'ana thireyi yopunguka ija. Mawa kunali mlandu ndi mayi wa makeke, ndipo sankadziwa kuti akauyamba bwanji. Anatola mazira ena atatu ndi dzanja limodzi, napatsa Wailesi kapu.